Oyera mtima aja timawatchula Lamulungu lililonse, kodi ndi ndani?

Aphunzitsi a Sande Sukulu (Chilomoni):
Moni nonse pagulu pano. Lamulungu lililonse timaimirira n'kunena Chikhulupiriro cha Atumwi, ndipo chakumapeto kwake timavomereza kuti tikhulupirira chiyanjano cha oyera mtima. Timangothamanga nawo mawuwo poti tinawaloweza ku kalasi. Koma oyera mtimawo ndani? Pa 1 Akorinto 1:2 Paulo akulembera mpingo wa ku Korinto n'kuwatcha oyeretsedwa mwa Khristu Yesu, oitanidwa kukhala oyera mtima. Tsono pitirizani nayo kalatayo muone anthu ake. Anali ogawikana, awa akuti ndife a Paulo, awo a Apolo, enanso a Kefa. Ankasumirana kumabwalo a anthu akunja. Pa Mgonero wina ankaledzera mnzake ali ndi njala. Anthu amenewa ndi amene akutchedwa oyera mtima, ndipo dzinalo lili pa mzere woyamba, kudzudzula kusanayambe. Nanga ife tinazitenga kuti zoti mumpingo muli eni ake ndi ongobwera?

Bambo a Tadala (Limbe):
Zikomo aphunzitsi. Ine ndiyankhe ngati Mkatolika. Kwathu mwana mukamufunsa za oyera, akutchulirani Karoli Lwanga, Kizito, Bakhita. Lwanga anatenthedwa ku Namugongo m'dziko la Uganda pa 3 June 1886, ndipo mu 1964 Papa Paulo VI analengeza kuti iye ndi anzake, onse pamodzi 22, ndi oyera. Kizito anali kamnyamata ka zaka za m'ma 14 basi. Amenewa timawalemekeza chifukwa anaonetsa poyera kumene ubatizo ungamufikitse munthu.

Koma abale a mipingo ina ambiri amayesa kuti kwa ife oyera ndi okhawo olengezedwa ku Roma. Si choncho ayi. Pa 1 November timachita chaka cha Oyera Onse, ndipo onsewo akuphatikiza agogo athu amene anafa m'chikhulupiriro dzina lawo lisanalembedwe m'buku lililonse. Timaphunzitsidwanso kuti amene afika kale kwa Mulungu ndi ife amene tikadali paulendo ndife banja limodzi. Ndiye funso lanu likutikhudza nafenso.

Mnyamata wa kwaya (Ndirande):
Pepani akuluakulu, ine ndikuona ngati tikufewetsa zinthu. Ahebri 12:14 akuti popanda chiyero palibe amene adzaone Ambuye. Alipo anthu amene Loweruka usiku ali kumowa, m'mawa mwake ali pa gome la Ambuye ndi khadi la Mgonero m'manja. Amenewo tiziwatchanso oyera mtima? Dzina limeneli si lamasewera. Munthu abadwe mwatsopano, moyo wake usinthe, anthu aone.

Aphunzitsi a Sande Sukulu (Chilomoni):
Achimwene, pa za kusintha moyo sitikutsutsana. Koma onani mmene Paulo amayalira nkhani yake. Pa Aefeso 5:3 akuti dama ndi chisiriro zisatchulidwe n'komwe pakati panu, monga kuyenera oyera mtima. Sakunena kuti siyani izi kuti mudzakhale oyera mtima tsiku lina. Akuti siyani chifukwa ndinu ake a Mulungu kale, izi sizikuyenerani. Munthu wa kumowa uja mungamudzudzule mwamphamvu chifukwa ndi mbale wanu. Akanakhala wakunja mukanamusiya.

Nachisale (Bangwe):
Ndakhala ndikungowerenga, koma ndilankhuleko. Ine ndinachokera ku Mulanje kudzagwira ntchito ya m'nyumba m'tauni muno. Kumudzi ndinali mkhristu wodya Mgonero, ndinkaimba kwaya, aliyense ankandidziwa. Pobwera kuno ndinanyamuka mwadzidzidzi, kalata ya mpingo sindinatenge. Ndinayamba kupemphera pa mpingo wina wa chipembedzo chathu chomwecho, sinditchula dzina. Tsiku loyamba anati alendo aimirire, ndinaimirira, anandiombera m'manja, basi zinathera pomwepo. Ndinkakhala kumbuyo, ndimapereka chopereka changa, ndimatuluka. Tsiku la Mgonero ndinkangoyang'ana anzanga akupita kutsogolo.

Kenako ndinadwala mpaka kugonekedwa m'chipatala. Kumpingo sikunabwere munthu. Sindikuti anakana, sankadziwa n'komwe kuti kuli munthu wotere. Amene ankandibweretsera phala m'mawa ndi mayi woyandikana naye nyumba, wa mpingo wa Seventh Day. Ndili pabedi paja ndinkadzifunsa kuti kodi ine ndine wa ndani? Kumudzi dzina langa lili m'kaundula koma thupi kulibe. Kuno thupi lilipo koma dzina kulibe.

Nangozo wa Mvano (Chirimba):
Iiii mwanawe, pepa. Zandipweteka mumtima zimenezi.

Akulu a mpingo (Zingwangwa):
Mayi Nachisale, pepani kwambiri. Ine ndine mkulu wa mpingo, ndipo zimene mwanenazi zikutigwera ife akulu, pakuti kudziwa nkhosa ndi ntchito yathu.

Koma ndiloleni ndifotokozeko za kalata ndi kaundula, chifukwa pagulu ngati pano anthu sachedwa kunena kuti ndi zamapepala chabe. Mpingo wa m'tauni si wa kumudzi. Kuno Lamulungu limodzi pamakhala mapemphero awiri kapena atatu, a Chingerezi m'mawa, a Chichewa pambuyo pake, tchalitchi chimadzaza n'kukhuthuka n'kudzazanso. Anthu ambiri ndi a lendi. Mwezi uno ali ku Manase, eni nyumba akakweza mtengo asamukira ku Mbayani. Popanda kulemba, tingadziwe bwanji kuti nyumba yakuti kuli nkhalamba yosayenda yofunika kuipititsira Mgonero? Mkulu aliyense amapatsidwa dera lake, ndipo kugawa makhadi a Mgonero kunayikidwa kuti mkuluyo afike pakhomo, akhale pansi, afunse za moyo wa m'banjamo. Khadi ndi chifukwa choti ndigogode pachitseko panu.

Za kalatanso si zoyamba ife. Werengani Aroma 16:1-2. Paulo akutumiza Febe, mtumiki wa mpingo wa ku Kenkreya, ndipo akulembera a ku Roma kuti amulandire mwa Ambuye monga kuyenera oyera mtima, amuthandize pa chilichonse chimene angasowe. Kalata yosamukira ndi imeneyo. Mpingo wina ukuuza unzake kuti uyu ndi wathu, tsopano ndi wanu, msamaleni. Inalembedwa kuti itsekule chitseko. Tikaisandutsa chotsekera, talakwitsa ndife, osati kalatayo.

Nachisale (Bangwe):
Bambo, ndamva, ndipo za Febezi sindinkazidziwa. Koma bwanji amene alibe kalatayo? Ndalama yopitira ku Mulanje kukaitenga inali ya mwezi wathunthu wa ndiwo. Palibe anandiuza kuti pali njira ina.

Akulu a mpingo (Zingwangwa):
Njira ilipo mayi. Mlembi wa mpingo wa kuno angathe kulumikizana ndi mlembi wa kumudzi kwanu, masiku ano ngakhale pa foni, kalatayo n'kubwera inu osakwera minibasi. Vuto n'lakuti timalengeza za Paper Sunday, tsiku la chopereka chapadera, milungu inayi yotsatizana, koma za mmene mlendo angalowere mumpingo sitizilengeza.

Bambo a Tadala (Limbe):
Kwathu zimenezi timayesa kuzithetsa ndi limana, ena amati mphakati. Mabanja oyandikana amakumana m'nyumba mkati mwa sabata, ndipo ukafuna ubatizo wa mwana kapena ukwati umadzera kumeneko. Pa anthu khumi ndi asanu ukasowa zimaoneka, pa chikwi sizioneka. Komabe ndisaname, nakonso kuli mavuto ake. Wantchito wa m'nyumba amene bwana wake samulola kutuluka mkati mwa sabata afika bwanji ku limana?

Nangozo wa Mvano (Chirimba):
Ine ndifike pamene pamawawa kwenikweni, pa maliro. Tonse tikudziwa zimene zimachitika. Munthu wamwalira, uthenga wafika kumpingo, chinthu choyamba ndi kutsekula buku. Ankapereka pleji? Khadi lake lili bwanji? Zikapezeka kuti miyezi yambiri sinalembedwe, amayamba kukokakoka, mwina akuti tibwera koma popanda yunifolomu, mwina akuti tingotumiza mkulu mmodzi akapemphere. Ndinaonapo mayi wina wamasiye amene anasiya kupereka chifukwa ankadwala ndipo kandalama konse kankathera mankhwala. Pa maliro ake panali kukambirana koteroko ana ake akumva. Ine ndavala bulauzi yoyera ya Mvano zaka zambiri, koma tsiku limenelo inandilemera.

Nanga amene anasiya kupereka uja, ife tinapitako liti kukafunsa kuti mwasowa bwanji? Buku lomwelo limene tikutsekula atafa, bwanji sitinalitsekule ali moyo n'kuona kuti pali dzina lazilala?

Mnyamata wa kwaya (Ndirande):
Amayi, apo ndiye mwalasa. Koma palinso mbali ina. Alipo anthu amene tchalitchi sachidziwa n'komwe, zaka ndi zaka, koma abale awo amafuna kwaya ndi Mvano pa maliro kuti anthu aone. Mpingo usanduke kampani yoika maliro?

Nangozo wa Mvano (Chirimba):
Mwana wanga, amenewo alipo, sindikukana. Koma kusiyanitsa wothawa Mulungu ndi wogwa mphwayi chifukwa cha umphawi kapena matenda kumafuna kuti ukhale unamuyendera. Buku silingakuuze. Ndiponso pa maliro timalalikira amoyo. Ana amasiye aja akaona mpingo ukuwerengera mayi awo ngongole ali m'bokosi, udzawaonanso pakhomo pa tchalitchi?

Akulu a mpingo (Zingwangwa):
Pa za ndalama ndiyankhe mosabisa. Mpingo umafuna ndalama, abusa alipidwe, magetsi ndi madzi zilipidwe, gawo lipite ku presbitale ndi ku sinodi. Mkhristu wokhoza kupereka koma osapereka akulakwa. Koma m'Chipangano Chatsopano chopereka chimene Paulo anachivutikira kwambiri chinali chopita kwa osauka a mwa oyera mtima a ku Yerusalemu, onani Aroma 15:26. Akhristu a ku Makedoniya ndi Akaya anasonkha kuti anzawo adye. Osaukawo sanachotsedwe pa mndandanda wa oyera mtima chifukwa analibe chopereka. Iwo ndiwo anali olandira.

Achimwene a ku Nyambadwe:
Ndikuwerenga mwachidwi. Ine ndimakonda mbiri, ndiye ndiponyepo ya mzinda wathu uno, chifukwa funso lakuti mwini mpingo ndani si la lero.

Mishoni ya Blantyre inayamba mu 1876 ndi a Church of Scotland. Ena mwa anthu oyamba kukhala pamishonipo anali othawa ukapolo, anthu opanda mudzi, opanda mfumu, opanda mbale. Ndipo chiyambi chake sichinali choyera monga timafunira kukumbukira. Amishoni oyamba ankaweruza milandu ndi kukwapula anthu mwankhanza, nkhaniyo inamveka mpaka ku Scotland, ndipo mu 1881 ena anachotsedwa. Amene anabwera kudzakonza zinthu ndi abusa David Clement Scott. Tchalitchi cha St Michael and All Angels chija timachinyadira, chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, Scott yemwe sanaphunzire za zomangamanga akutsogolera, njerwa zikuumbidwa ndi kuotchedwa ndi manja a makolo athu.

Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Scott ankafuna kuti azungu ndi anthu akuda azipemphera mumpingo umodzi, ndipo anapatsa udindo anthu akuda monga Harry Kambwiri Matecheta, Mungo Chisuse ndi John Gray Kufa. Azungu ambiri a m'minda ndi a boma sizinawasangalatse. Matecheta anadzozedwa ubusa mu 1911 pamodzi ndi Stephen Kundecha. Ndiye taonani, agogo athu anauzidwapo kuti inu khalani kumbuyo, eni ake ndi ena. Zimandiwawa kuona ife zidzukulu zawo tikuchitira anzathu zomwezo, kungoti tsopano tikuyang'ana galimoto imene munthu waimika panja.

Make Chisomo (Chilobwe):
Achimwene mwatchula galimoto. Yakobo 2 ananeneratu za munthu wa mphete yagolide amene amapatsidwa mpando wabwino, wosauka n'kuuzidwa kuti ima uko. Masiku ano sitinena ndi pakamwa koma zimachitika. Pa Paper Sunday amaitana mayina a opereka zambiri, m'manja m'manja, pamene mayi wogulitsa tomato amene wachotsa pa mpamba wake amaponya mwakachetechete. Posankha makomiti ndi omwewonso. Ngakhale mapemphero a Chingerezi ndi a Chichewa aja, pena amakhala ngati mipingo iwiri yongobwerekana nyumba. Anthu a m'mawa ndi a masana sadziwana.

Koma ine ndinaonanso mbali ina ya mpingo, ndipo sindidzaiwala. Mu March 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, kuno ku Chilobwe kunali maliro nyumba ndi nyumba. Anthu anathawira m'masukulu ndi m'matchalitchi. Masiku amenewo palibe anafunsa khadi. Amayi a Mvano, a Dorika, a Chikatolika, Asilamu, onse ankaphika pa moto umodzi. Anyamata ankakumba matope ndi makasu kufunafuna anthu osawadziwa n'komwe. Bulangete limene ndinafunda ndi ana anga linachokera kwa Akhristu a mpingo umene sindinapondemo. Ndiye ndimadziwa kuti tingathe. Chimene sindimvetsa n'chakuti bwanji timadikira phiri ligumuke.

Aphunzitsi a Sande Sukulu (Chilomoni):
Make Chisomo, Mulungu akutonthozeni pamodzi ndi onse a kumeneko. Aefeso 2:19 akuti simulinso alendo ndi ogonera, koma a mudzi umodzi ndi oyera mtima, a m'banja la Mulungu. Analembera anthu amitundu amene Ayuda ankawaona ngati akunja.

Mnyamata wa kwaya (Ndirande):
Chabwino, ndikuvomera zambiri. Koma mwambo wa mpingo usathe. Ku Korinto komweko, pa 1 Akorinto mutu 5, Paulo analamula kuti munthu amene anatenga mkazi wa bambo ake achotsedwe pakati pawo. Chikondi chopanda chilango chimaononga mpingo.

Akulu a mpingo (Zingwangwa):
Zoona mwana wanga, ndipo ine ndakhalapo pa bwalo la akulu pamene tinadula anthu. Si ntchito yokoma. Koma werenganinso 2 Akorinto 2:6-8. Paulo akunena za munthu amene analangidwa ndi mpingo, akuti chilangocho chakwana, tsopano mukhululukireni, mumutonthoze, kuti angamizidwe ndi chisoni chochuluka, mumutsimikizire chikondi chanu. Kudula munthu ndi kumuimitsa pa gome kwa kanthawi kuti alape. Si kumufafaniza ubatizo. Wodulidwa ndiye woyenera kuyenderedwa kawirikawiri kuposa wina aliyense. Ife timalengeza dzina lake kutsogolo, kenako timamuiwala.

Nangozo wa Mvano (Chirimba):
Ndipo chilangocho chizigwera onse mofanana. Mtsikana akatenga mimba, mimbayo imaoneka, amadulidwa msangamsanga. Mnyamata amene anamupatsa mimbayo Lamulungu lotsatira ali pa kiyibodi. Bambo wa ndalama amene aliyense akudziwa kuti ali ndi nyumba yachiwiri ku Machinjiri, nkhani yake siifika pa bwalo. Atsikana athu amaziona zimenezi, ndipo n'chifukwa chake ambiri akadulidwa sabwereranso.

Bambo a Tadala (Limbe):
Amayi, izi n'zoona ngakhale kwathu. Oimitsidwa masakramenti ambiri amangozimiririka.

Mlongo wanu (Machinjiri):
Pepani, sindinalembepo pagulu pano chilowereni. Manja akunjenjemera. Mtsikana amene amayi akunenayo ndine. Ndinadulidwa nditatenga mimba ndili pasukulu. Dzina langa linawerengedwa kutsogolo, mayi anga ali pomwepo. Kuchokera tsiku limenelo sindinalowenso m'tchalitchi. Mwana wanga tsopano akuyamba sukulu, sanabatizidwe. Ndimapemphera ndekha usiku, nyimbo za m'buku ndimaimbabe ndikamachapa. Lamulungu ndikamva belu mtima umandiwawa, koma ndikaganiza maso a anthu miyendo imalemera. Funso langa ndi ili, ndipo mundiyankhe zoona, musandinyengerere. Oyera mtima mukunenawo, ine ndilimo?

Aphunzitsi a Sande Sukulu (Chilomoni):
Achemwali, mulimo. Sindikukunyengererani. Munabatizidwa m'dzina la Atate, la Mwana ndi la Mzimu Woyera, ndipo amene mukumuitana usikuyo sanakutayeni. Munalakwa, inde, monga a ku Korinto analakwa, monga tonse pano tinalakwapo mosiyanasiyana. 1 Yohane 1:9 akuti tikavomereza machimo athu, Iye ndi wokhulupirika ndi wolungama kutikhululukira ndi kutisambitsa.

Mnyamata wa kwaya (Ndirande):
Achemwali, ine ndi amene ndakhala ndikulimbikira za chilango pano, ndipo sindikubweza. Koma chilango chanu chinatha kalekale. Bwererani kwanu.

Akulu a mpingo (Zingwangwa):
Mwana wanga, zikomo polimba mtima. Ndikuuzeni mmene zimayendera kwathu, kuti musaope zimene simukuzidziwa. Mumaonana ndi mkulu wa dera lanu kapena abusa, panokha, osati pagulu. Mumawauza kuti mukufuna kubwerera. Amakulowetsani m'kalasi ya obwerera kwa kanthawi, kenako bwalo la akulu limakulandirani ndipo mumabwerera pa gome. Ngati mukuona kuti kumpingo wakale kukulemerani, nenani, akulu a mpingo umene muli nawo pafupi angathe kukambirana ndi a kumeneko. Za ubatizo wa mwana mudzakambirana ndi abusa nthawi yomweyo. Ndilembereni kumbali mundiuze dera limene mukukhala, ndikulumikizeni ndi mkulu wa kumeneko amene ndikumudziwa kuti ndi wosunga chinsinsi.

Mlongo wanu (Machinjiri):
Zikomo bambo, ndikulemberani madzulo ano. Koma tsiku loyambalo ndi limene ndikuliopa. Kulowa pakhomo paja ndekha, ndi mwana.

Nangozo wa Mvano (Chirimba):
Sulowa wekha. Chirimba ndi Machinjiri si patali, ndikwera minibasi ndidzakutenge pakhomo pako, tidzakhale benchi imodzi. Mwanayo umuveke bwino, apite ku Sande Sukulu akaone anzake. Unditumizire nambala yako kumbali.

Nachisale (Bangwe):
Bambo a ku Zingwangwa, nanenso ndikulemberani za kalata ija. Dzina la mlembi wa kumudzi ndikulidziwa, nambala yake ndifunsa achimwene anga mawa.